Khobidi lolakwika ku fakitale n'losiyana ndi lowonongeka m'manja

Ndalama zachitsulo zidasiya kale kuwoneka m'zikwama za chenje za anthu ambiri a geni. K1, K5 ndi K10 pazokha sizigula ngakhale kamulu ka tomato, choncho makobidi ambiri angotsalira m'zitini, pansi pa masutikesi ndi m'fumbi la m'misika. Komatu nkhani zake sizidathe. Pa boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ngakhalenso ku Luwerezi, wamalonda akhoza kungowona munthu wamuyandikira ndi khobidi lokulunga m'kapepala, n'kumunong'oneza kuti: "Amama, ili lidalakwika ku fakitale. Ku Joni akulisaka kwambiri, kungoti ine ndilibe thiransipoti. Ingondipatsani K50,000, phindu likhala lanu."

Mawu amenewa ali ndi kachowonadi pang'ono, n'chifukwa chake amakola anthu. N'zowona kuti nthawi zina makina opanga ndalama amalakwitsa, ndipo kunja kuli anthu okonda kusunga ndalama zosowa omwe amagula makobidi otere pamtengo woposa wolembedwapo. Koma makobidi ambiri owoneka modabwitsa sadalakwike ku fakitale ayi. Adawonongeka atatuluka kale: ena adapondedwa ndi galimoto, ena adapsa pamoto, ena adadyedwa ndi dothi, ndipo ena adasinthidwa dala ndi munthu wofuna kubera mnzake. Khobidi lowonongeka silikwera mtengo ngakhale ndi tambala imodzi. Mayi amene amapeza phindu la K5,000 patsiku akapereka K50,000 pa khobidi lotere, ndiye kuti wataya thukuta la masiku 10.

Funso lothandiza ndi limodzi: kodi chilema chimene chili pa khobidili chikadatheka kuchitika m'makina a fakitale? Kuti munthu ayankhe, ayenera kudziwa makobidi amene amapezeka m'dera lake komanso momwe amapangidwira.

Makobidi opezeka ku Mzimba

Kum'mwera kwa boma la Mzimba kumakumana ndalama za mayiko angapo. Kuchokera pa Jenda msewu umapita kuchipata cha Mqocha n'kukalowa ku Lundazi m'dziko la Zambia, choncho ngwee ndi kwacha za ku Zambia si zachilendo. Abambo ambiri a m'bomali adakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ku Southern Rhodesia ndi South Africa kuyambira nthawi ya atsamunda, ena kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo mpaka lero achinyamata akupitabe ku Joni. Wobwerera kumudzi sasowa timakobidi totsalira m'thumba.

Makobidi a dziko lino nawo asintha kangapo. Lisadalandire ufulu kudali ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1964 mudabwera sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga ndi zina za nkhope ya Kamuzu Banda. Mu 1971 dziko lidasiya mapaundi n'kuyamba kwacha ndi tambala, pomwe paundi imodzi idasanduka K2. Pambuyo pake kudabwera K5 ndi K10 zikuluzikulu za mitundu iwiri, zolembedwa chaka cha 2006, kenaka mu 2012 tating'ono towala tija: K1 ya nkhwazi, K5 ya kakowa ndi K10 ya njovu. Wachinyamata amene adayamba geni posachedwa sadagwirepo ambiri mwa makobidi amenewa, ndipo chinthu chosazolowereka n'chosavuta kuchinamizira.

Momwe khobidi limapangidwira

Dziko lino lilibe fakitale yake yopangira ndalama. Banki yaikulu ya Reserve imaziyitanitsa kunja, ndipo makobidi oyamba a Malawi adapangidwa ku Royal Mint m'dziko la Britain.

Ntchito imayamba ndi chitsulo chachitali chophwatalala ngati lata. Makina amadulapo tizidutswa tozungulira topanda chithunzi. Tizidutswato timadutsa m'makina ena otifinya m'mbali kuti titukuke kamlomo kuzungulira. Ngati ndi tachitsulo wamba, timakutidwa ndi mkuwa kapena chitsulo china chowala. Pomaliza kachidutswa kalikonse kamagwera pakati pa zidindo ziwiri, china pansi china pamwamba, m'kati mwa mkombero wolimba. Zidindozo zimamenya nthawi imodzi ndi mphamvu yaikulu, moti nkhope, chithunzi cha kuseri ndi timizere ta m'mphepete zimatuluka pakumenya komweko.

Pali mfundo ziwiri zofunika kusunga apa. Yoyamba ndi yakuti pa chidindo chithunzi chimakhala chogobeka kulowa m'kati, ndiye pa khobidi chimatuluka chotumphuka. Yachiwiri ndi yakuti kulakwika kwenikweni kungachitike malo atatu okha: pa kachidutswa kachitsulo kasadadindidwe, pa chidindo, kapena pa nthawi yomenya. Chilema chimene sichikugwirizana ndi malo atatuwa chidabwera khobidi litatuluka kale.

Zina adazipanga dala

Asadayambe kuyang'ana chilema, wamalonda achotseretu zinthu zimene si zolakwika n'komwe.

Bowo la pakati pa khobidi lakale ndi chimodzi mwa izo. Peni ya chitaganya, ya njovu ziwiri, ndi hafu peni ya akadyansonga zidapangidwa ndi bowo dala, ndipo anthu ankazitunga pachingwe. Bowolo ndi losalala, ndipo zithunzi ndi malemba adaziyala molizungulira. Makobidi a tambala alibe bowo. Ngati 5 tambala kapena 10 tambala ili ndi bowo lodula mutu wa Kamuzu kapena malemba, ndiye kuti wina adaboola ndi msomali kapena makina obowolera, ndipo m'mbali mwa bowolo mumatsala kachitsulo kokhakhala.

Dzina la dziko lino nalo limasokoneza anthu. Makobidi a tambala a 1971 alibe kachizindikiro pamwamba pa chilembo cha W, pomwe ena a zaka zotsatira ali nako. Kumeneku kudali kusintha kwa kalembedwe, ndipo onse adapangidwa ochuluka. Tizilembo ting'onoting'ono ta P.V. towoneka pa makobidi ena a nthawi ya Kamuzu ndi chidule cha dzina la Paul Vincze, mmisiri amene adakonza zithunzizo. Chimodzimodzinso makobidi a m'zaka za 1995 ndi 1996: ena ali ndi nkhope ya Bakili Muluzi, ena ali ndi chizindikiro cha boma.

Kukakamira ku maginito si chozizwitsa. Ma 1 tambala oyamba adali a mkuwa wosakaniza ndipo samata ku maginito, koma a zaka za pambuyo pake adapangidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndiye amamata. Wonena kuti khobidi lili ndi mphamvu zapadera chifukwa likukokedwa ndi maginito akungogulitsa nthano.

Obwera kuchokera ku Joni amakonda kunyamula R5 ya nkhope ya Nelson Mandela. Idatuluka mu 2000, mu 2008 pamene Mandela ankakwanitsa zaka 90, komanso mu 2018 pokumbukira zaka 100 chibadwire chake. Zidapangidwa zochuluka zedi kuti ziziyenda pamsika, ndipo banki yaikulu ya ku South Africa yakhala ikunena poyera kuti ndalama zachikumbutso zoyenda m'manja mtengo wake ndi wolembedwapo. Kangalande kozungulira m'mphepete mwa R5 ya mitundu iwiri, imene idayamba mu 2004, adakayika dala pofuna kuvutitsa opanga ndalama zachinyengo.

Zilema zenizeni ndi zonamizira zake

Khobidi lodukako mbali. Makina odula akabwereza pamalo pomwe adadula kale, kachidutswa kamatuluka ngati kolumidwa. Popeza kamadindidwa katadukakale, chithunzi ndi kamlomo zimazilala pang'onopang'ono poyandikira podukapo, ndipo nthawi zambiri kamlomo ka mbali yoyang'anizana nayo kamakhalanso kofowoka. Lodulidwa ndi pulayala, sowo kapena tupa limakhala ndi malemba akuthwa mpaka podulapo penipeni, podulapo pamawala ngati chitsulo chatsopano, ndipo mwina khobidi limakhala lopindika.

Chithunzi chopita kumbali. Kachidutswa kakapanda kukhala bwino pakati pa zidindo, chithunzi chimadindidwa chakumbali, n'kusiya mbali ina yopanda kanthu ngati mwezi wongowoneka kumene. Izi zimachitika kumaso ndi kuseri komwe, mbali imodzimodzi. Malo opanda kanthuwo amakhala osalala komanso onenepa bwinobwino, ndipo timizere ta m'mphepete sitikhalapo chifukwa khobidi silidalowe mu mkombero. Lophwanyidwa ndi hamala kapena lopondedwa pa tala limakhala lopyapyala pophwanyikapo, lokalikakalika, ndipo pansi pa zipserazo malemba akale amawonekabe.

Mzere wodutsa pa chithunzi. Chidindo chikang'aluka, chitsulo chimalowa mu mng'aluwo, ndipo pa khobidi pamatuluka kamzere kotumphuka ngati mtsempha. Chikhadabo chimakakwera. Mzere wolowa m'kati, womwe chikhadabo chimagweramo, ndi wa mpeni, msomali kapena mwala, ndipo m'mbali mwake mumakhala chitsulo chokankhidwa ngati dothi la m'mbali mwa ngalande. Pa mayeso onse, awa ndiwo osavuta ndipo amathetsa mikangano yambiri.

Malemba obwereza. Chidindo chikalakwika pochikonza, malemba ndi manambala amawoneka pawiri, onse otumphuka ndi owerengeka molunjika. Chitsanzo chotchuka ndi 1 cent ya ku America ya 1955. Akathyali amatengera zimenezi popanikiza makobidi awiri pamodzi ndi hamala kapena chopanira zitsulo cha owotcherera. Zotsatira zake ndi malemba otembenuka ngati pagalasi, olowa m'kati, okhala pamwamba pa chithunzi chenicheni, ndipo kuseri kwake kumakhala kophwanyika. Malemba otembenuka amathanso kuchokera ku fakitale khobidi lina likakakamira pa chidindo, koma zikatero mbali inayo imakhala yakuthwa bwino, yopanda chipsera chilichonse.

Chilembo kapena chaka chosowa. Girisi kapena litsiro likadzadza m'chidindo, chilembo sichituluka kapena chimatuluka mozilala. Pamalopo pamakhala posalala, pa mtundu wofanana ndi khobidi lonse. Pomwe adapala ndi tupa kapena sandipepa pamakhala timizere tolunjika mbali imodzi, polowa pang'ono, ndipo ngati khobidi ndi lokutidwa, chitsulo cha m'kati chimawonekera.

Khobidi lopyapyala kapena la mtundu wachilendo. Asidi wa batire amadya khobidi mbali zonse, kulisiya lopyapyala, lochepa, lokhala ndi timaenje ngati chipande cha mphika. Moto umalidetsa ndi kulitulutsa matuza. Dothi limasandutsa la mkuwa kukhala lobiriwira ndi lachitsulo kukhala la dzimbiri. Palinso olipaka utoto wagolide, womwe umasonkhana m'makona a malemba. Kulakwika kwenikweni kwa mtundu uwu kumachitika pamene kachidutswa ka khobidi lina kagwera m'makina olakwika, ndipo kulemera kwake kumafanana ndendende ndi kwa khobidi linalo.

Mitu mbali zonse ziwiri. Pafupifupi makobidi onse otere ndi awiri ophatikiza. Wina amapala kapena kugoba limodzi n'kulowetsamo linzake. Poyang'anitsitsa pamawoneka msoko m'mphepete kapena m'kati mwa kamlomo. Likagwetsedwa pa simenti limalira mogonthoka, osati ngati linzake.

Makobidi a mitundu iwiri. Pa K5 ndi K10 za 2006 komanso R5, chapakati chimatha kuchotsedwa ndi hamala n'kubwezeredwa chotembenuka kapena chopendekeka. Zizindikiro zake ndi kupindika kwa chakunja, kampata pamalumikiziro, ndi zipsera pamalo pomwe adamenya. Ku fakitale zidutswa ziwirizi zimadindidwa pamodzi, choncho chithunzi chodutsa pamalumikiziro chimayenera kukumana bwino.

Zipangizo zili pamsika pomwepo

Chida choyamba ndi khobidi linzake la mtengo womwewo ndi chaka chomwecho. Awiriwo akasanjikizidwa, kusiyana kwa kukula ndi kunenepa kumawoneka. Akatembenuzidwa mofanana, munthu amadziwa ngati chithunzi cha kuseri chapendekekadi kapena ndi momwe onse adapangidwira. Makobidi a ku America, mwachitsanzo, onse amawoneka chadodolido kuseri akatembenuzidwa chammbali, ndipo si kulakwika.

Chachiwiri ndi galasi lokuza zinthu, limene okonza mafoni ndi mawotchi amakhala nalo. Kamera ya foni nayo imathandiza ngati chithunzi chajambulidwa panja powala n'kuchikulitsa. Kuyang'ana khobidi madzulo ndi tochi ndiko kumene wakuba amafuna.

Chachitatu ndi maginito, ngakhale ochotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Ntchito yake ndi kufananiza: ngati linzake la chaka chomwecho silimata koma ili likumata, pali chofunika kufufuza.

Chachinayi ndi sikelo. Ya nyama kapena ya chimanga siyingathandize chifukwa kusiyana kwake ndi kwa tizigawo ta galamu. Yoyenera ndi yaing'ono ya batire, ngati imene amagwiritsa ntchito ogula miyala ya mtengo wapatali, omwe m'boma la Mzimba aliko. Ikasowa, rula yoyikidwa pa pensulo imakhala sikelo: khobidi lokayikitsa mbali ina, linzake mbali ina, pa mtunda wofanana kuchokera pakati. Khobidi lolakwika pa chidindo kapena pomenya limalemera chimodzimodzi ndi linzake, chifukwa palibe chitsulo chidachokapo. Lopalidwa kapena lodyedwa ndi asidi limapepuka.

Phunziro la ku Britain ndi ku America

Mu 2008 Royal Mint idasintha zithunzi za makobidi a ku Britain, ndipo chaka chidachoka kuseri kwa 20 pence n'kupita kumaso. Mwangozi, chidindo chakale cha kumaso chidakumana ndi chatsopano cha kuseri, ndiye padatuluka makobidi opanda chaka mbali zonse. Akuti adalipo osapitirira 250,000. Fakitaleyo idavomereza, ndipo osunga ndalama zosowa amawagula moposa mtengo wake. Apa pakuwoneka kuti chilema cha pa chidindo sichikhala pa khobidi limodzi lokha. Chimabwerezedwa pa makobidi ambiri, pamalo amodzimodzi, ndipo chimadziwika. Wonena kuti lake ndi lokhalo padziko lonse akhale ndi umboni woposa pakamwa.

Ku America, mu 1943, mkuwa unkafunika kunkhondo, choncho 1 cent idapangidwa ndi chitsulo. Ochepa kwambiri adadindidwa mwangozi pa tizidutswa ta mkuwa totsalira, ndipo amenewa ndi odula zedi. Mtengowo udabala akathyali. Ena adakuta achitsulo ndi mkuwa, koma maginito amawagwira, ndipo amalemera pafupifupi magalamu 2.7 m'malo mwa 3.11. Ena adatenga a 1948 n'kupala nambala 8 kuti iwoneke ngati 3, koma galasi limasonyeza kuti 3 wakeyo sakufanana ndi wa makobidi enieni a 1943. Maginito, sikelo ndi galasi, zomwe zilipo pa Jenda, ndizo zimagwira bodza la ndalama zambirimbiri.

Nanga likakhala lenileni?

Ngakhale khobidi litapambana mayeso onse, sindiye kuti mwini wake walemera. Zilema zing'onozing'ono monga kamng'alu ka chidindo kapena chilembo chozilala n'zofala, ndipo zimawonjezera mtengo pang'ono chabe, mwinanso osawonjezera. Mtengo umadalira kukula kwa chilema, kusatha kwa khobidi, ndi kupezeka kwa wogula. Osunga ndalama zosowa ambiri ali kunja, ndipo pa khobidi lodula amafuna chitsimikizo cha makampani oyeza monga NGC ndi PCGS a ku America, omwe amalipiritsa. Ndalama yotumizira ndi yoyezetsera ikhoza kuposa mtengo wa khobidilo.

Mitengo yowoneka pa Facebook, WhatsApp kapena eBay isapusitse munthu. Aliyense akhoza kulemba mamiliyoni pansi pa chithunzi. Wogulitsa nyemba amadziwa kuti mtengo wotchula ndi wosiyana ndi wogulitsira, ndipo pa makobidi n'chimodzimodzi: chofunika ndi ndalama imene wina adalipiradi.

Chinyengo chimabwera m'njira ziwiri. Ina ndi ya anthu awiri ogwirizana: woyamba amadutsa pamsika kufunsa khobidi lakutilakuti n'kulonjeza ndalama zambiri, ndipo patapita masiku wachiwiri amabwera nalo pamtengo wotsikirapo. Wamalonda akagula, onse awiri amasowa ndipo manambala awo a foni sapezekanso. Njira ina ndi ya wogula wa pa intaneti amene amayamikira khobidi, kenaka n'kupempha kuti atumiziridwe kaye ndalama ya kalembera, ya msonkho kapena yoyezetsera. Wogula weniweni amapereka ndalama, sapempha.

Amene wapeza khobidi looneka lolakwikadi asalitsuke ndi phulusa, mandimu, mchenga kapena polishi. Kutsuka kumasiya timizere ndipo kumagwetsa mtengo. Aligwire m'mphepete, alikulunge m'kapepala kouma palokha, alijambule mbali zonse ndi m'mphepete momwe, ndipo afunse anthu angapo osadziwana asadagulitse.

Lamulo nalo lilipo. Malamulo a milandu a dziko lino, Penal Code, amaletsa kupanga ndalama zachitsulo zachinyengo, ndipo kulandira ndalama za munthu pomunamiza ndi mlandu. Wamalonda amene wagula khobidi lopalidwa n'kuligulitsa kwa mnzake akudziwa chowonadi, ndiye kuti wadzilowetsa m'mlandu womwewo. Wobedwa akanene kupolisi ndi kwa akuluakulu a komiti ya msika kuti ena achenjere.

Mayi wa pa Jenda uja sakufunika kukangana ndi mlendo wake. Angomuuza kuti: "Adada, bwerani mawa masana, tidzaliyike pambali pa linzake, tidzaliyeze pa sikelo ndi kuliwona pagalasi." Mwini khobidi lenileni sataya kanthu podikira tsiku limodzi. Amene akukana, n'kumati basi ikumusiya kapena wogula wina akudikira, wayankha yekha funso lija, ndipo mpamba wa mayiyo ubwerere m'chikwama kukapikula tomato.